Msipu wa Seputembala ndiye nkhuni za Januwale: kukonzekera chilala ndi moto ku Cape Town

Munthu wofika ku Cape Town mu Seputembala angaganize kuti wafika kudziko la mvula. Mapiri amakhala atabiriwira, udzu wa m'mbali mwa misewu ukulekeza m'mawondo, maluwa ali mbwee paliponse. Kwathu nthawi yomweyo fumbi lili koboo, tchire lapsa, anyamata akukumba mbewa palupsa, ndipo akuluakulu akuyang'ana kumwamba kudikira chizimalupsa. Kuno nyengo n'zotembenuka. Mvula yeniyeni imagwa nthawi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo pofika Seputembala imakhala ikutsazika. Kutsogoloku kulibe chizimalupsa. Kuli dzuwa, mphepo ndi miyezi yambiri yopanda mvula yodalirika mpaka cha mu Epulo kapena Meyi.

Miyezi itatu ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, imene eni dziko amaitcha spring, ndiyo nthawi yokonzeka. Ndalemba izi poganizira abale amene akugwira ntchito m'magaladeni ndi m'nyumba za anthu m'mphepete mwa phiri, komanso amene madzulo amabwerera ku mikhukhu ya ku Masiphumelele, Imizamo Yethu, Dunoon, Vrygrond ndi kwina. Ambiri a ife tili m'magulu onse awiri. Masana tili kumene moto wa kuphiri umatsikira, usiku tili kumene moto wa kandulo umayambira.

Choyamba: siyani machesi m'thumba

Chaka changa choyamba kuno ndinasesa masamba pabwalo pa abwana, mulu n'kukwera bwino, ndipo ndinachita zimene mayi anandiphunzitsa: ndinaukokera pakona ya mpanda n'kuuyatsa. Unali Okutobala, m'mawa kuli bata. Mphindi zisanathe khumi, mphepo inatembenuka. Ndinaona tsamba limodzi la bulugama likuuluka lili chiyakire, n'kudumpha mpanda, n'kukatera pa udzu wa aneba. Ndinalizimitsa ndi nsapato, mtima uli m'khosi. Mayi wa nyumbayo anatulukira pawindo akukuwa mawu amene sindingawalembe pano. Ntchito sinathe, koma tsiku limenelo ndinadziwa kuti chizolowezi cha kwathu chowotcha zinyalala kuno chingandilowetse m'ndende.

Mumzinda wa Cape Town kuwotcha zinyalala pamtetete popanda chilolezo n'koletsedwa. Masamba ndi nthambi zimapita ku manyowa, kapena kumalo otayirako zinyalala za m'galadeni amene khonsolo inakhazikitsa. Abwana akakuuzani kuti "ingowotchani," akaneni mwaulemu, chifukwa moto ukathawa, woyamba kufunsidwa ndi amene anagwira machesi. Chimodzimodzi ndudu. Kotsala ka ndudu kamene kwathu mumangokaponya m'mbali mwa njira, kuno mu Disembala kangapsereze phiri lonse.

Chachiwiri: phunzirani kumva ulosi wa miyezi itatu

Nthambi yoona zanyengo ya dziko lino, South African Weather Service, imatulutsa mwezi uliwonse chikalata chotchedwa Seasonal Climate Watch. Chimapezeka pa intaneti, ndipo manyuzipepala ndi mawayilesi amachitambasula. Sichinena kuti Lachiwiri kugwa mvula. Chimanena zinthu ziwiri zokha za miyezi ikubwerayo: ngati mvula ikuyembekezeka kuchuluka kapena kuchepa poyerekeza ndi zaka zambiri, ndiponso ngati kutentha kupose kapena kuchepere pa mwa nthawi zonse.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi mawu oti mvula ikhala "yoposa ya nthawi zonse." Mvula ya nthawi zonse ya mu Novembala ku Cape Town ndi yochepa kale. Kuposa chinthu chochepa sikutanthauza kuti nthaka inyowa mpaka pansi. Mvula yowaza ya tsiku limodzi imanyowetsa pamwamba pa udzu, ndipo mphepo ikawomba masiku awiri udzuwo uli gwaa ngati kale.

Msampha wachiwiri ndi El Niño. Ife a ku Malawi tikamva dzinali timakumbukira chimanga chofota, chifukwa kwathu, makamaka kuchigawo cha kummwera, El Niño amachepetsa mvula ya dzinja. Zimenezi zimakhudzanso madera a South Africa amene amalandira mvula nthawi yotentha, monga Gauteng, Free State ndi Limpopo. Koma mvula ya Cape Town imachokera ku mikuntho yozizira ya kunyanja ya Atlantic, ndipo sitsatira El Niño mokhulupirika choncho. Mukamva pa wayilesi kuti chaka chino ndi cha La Niña, mvula ichuluka, funsani kaye kuti ichuluka kuti. Nthawi zambiri akunena za kumtunda, osati kuno kunyanja.

Ine pa chikalatachi ndimayang'ana kwambiri mbali ya kutentha. Akanena kuti kutentha kuposa mwa nthawi zonse, ndiye kuti udzu uuma msanga, madzi m'madamu auluka ambiri, ndipo anthu athirira kwambiri. Ndipo musasangalale mopitirira chaka chimene mvula yagwa bwino. Mvula yambiri imameretsa udzu wambiri, ndipo udzu wonsewo ndi umene udzayake. Chaka cha chilala n'choopsa chifukwa ngakhale zitsamba zazikulu zimauma. Chaka cha mvula n'choopsa chifukwa nkhuni zimachuluka.

Chachitatu: dziwani mmene madamu alili pakutha pa Okutobala

Madzi a mumpopi wanu amachokera m'madamu akuluakulu asanu ndi limodzi: Theewaterskloof, Voëlvlei, Berg River, Wemmershoek, ndi awiri a Steenbras, lakumtunda ndi lakumunsi. Lalikulu kwambiri ndi Theewaterskloof, pafupi ndi Villiersdorp. Khonsolo ya mzinda imalengeza sabata iliyonse kuti madamuwa ali pa maperesenti angati. Nambala yofunika ndi ya kumapeto kwa Okutobala, chifukwa pamenepo mvula yatha, ndipo zimene zili m'damu ndizo nkhokwe ya miyezi yonse yotentha. Ndi nthawi imeneyinso pamene akuluakulu amaunika ngati pakhale malire pa kagwiritsidwe ntchito ka madzi. Pa nambalayo muzichotsa 10, chifukwa madzi a pansi penipeni ndi amatope, ovuta kupopa.

Amene anali kuno mu 2018 safuna kuwafotokozera. Mvula inavuta zaka zitatu zotsatizana, 2015, 2016 ndi 2017. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2018 munthu aliyense analoledwa malita 50 okha patsiku, akumwa, ophikira, osamba, ochapira ndi a kuchimbudzi omwe. Analengeza kuti madamu akatsika kufika pa 13.5 peresenti mipopi itsekedwa, ndipo anthu azikatunga malita 25 patsiku pamalo pafupifupi 200. Tsikulo analitcha Day Zero, ndipo nthawi ina linaikidwa pa 12 Epulo. Ndinaona mabwana a magalimoto akuluakulu ali pamzere ndi zigubu pa kasupe wa ku Newlands, monga momwe amayi amaimira pa mjigo kwathu. Sindinaseke, ngakhale kuti kamtima kena kanafuna. Tsikulo silinafike, chifukwa mzinda unachepetsa madzi ogwiritsa ntchito pafupifupi ndi theka, alimi anadulidwa madzi, ndipo mvula ya chaka chimenecho inabwera. Madamu anadzazanso mu Okutobala 2020.

Pa nkhani iyi ife a kumudzi tili patsogolo. Kusamba m'ndowa tinakudziwa kale. Madzi otsukira mbale ndi osambira sungani, muzithira kuchimbudzi kapena pa mitengo. Ngati ntchito yanu ndi ya m'galadeni, dziwani kuti pali malamulo amene amagwira ntchito ngakhale madamu atadzaza: kuthirira ndi madzi a khonsolo kumaloledwa isanakwane 9 koloko m'mawa kapena itadutsa 6 koloko madzulo, payipi ikhale ndi chotsekera kumapeto kwake, ndipo simenti ya pabwalo imasesedwa ndi tsache, sitsukidwa ndi payipi. Mu Seputembala ndi Okutobala, nthaka ikadali ndi chinyezi, phimbirani mizu ya mitengo ndi maluwa kuti chinyezicho chisathawe, koma chophimbira chouma ngati makungwa chisagunde khoma la nyumba. Thanki ya madzi a padenga ngati ilipo, idzaze ndi mvula yomalizayi ndipo isathe ndi kutsuka galimoto.

Chachinayi: mphepo

Chimene chimasandutsa kamoto kukhala tsoka ndi mphepo, ndipo pano pali mitundu iwiri yofunika kuidziwa.

Ina ndi ya kummwera chakum'mawa, imene amaitcha South-Easter kapena Cape Doctor. Anthu a kunyanja kwathu anganene kuti ndi Mwera, chifukwa imachokera mbali yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti Mwera wa pa Nyanja ya Malawi amawomba nthawi yozizira, pomwe uyu amayamba kulimba mu spring ndipo amalamulira miyezi yonse yotentha. Angawombe masiku atatu kapena anayi osapuma, kukankha anthu pamsewu, kusasula malata. Chizindikiro chake chili pamwamba pa Table Mountain: mtambo woyera woyala pamwamba pa phiri n'kumatsikira m'mbali ngati nsalu ya patebulo. Mukauona m'mawa, tsiku limenelo si lopsereza chilichonse, si lodula zitsulo ndi gilayinda pafupi ndi udzu, si loyatsa moto wootcha nyama kunja.

Inayo ndi berg wind, mphepo yotentha ndi youma yotsika kuchokera kumtunda kwa dziko kupita kunyanja. Imakonda kubwera patsogolo pa mkuntho wa mvula, makamaka kuyambira cha mu Epulo mpaka kumayambiriro kwa spring. Mumaidziwa pa khungu: tsiku lozizira limasanduka ng'anjo, milomo n'kuuma, zovala pachingwe n'kuuma pa kanthawi kochepa. Moto woopsa wa ku Knysna, tauni ya kum'mawa kwa Cape Town, unabuka pa 7 Juni 2017, pakati pa nyengo yozizira, chilala chitaumitsa nkhalango ndipo mphepo yamtunduwu ikuwomba mwamphamvu. Anthu 7 anafa, nyumba zoposa 800 zinapsa, ndipo anthu pafupifupi 10,000 anasamutsidwa. Tsiku lomwelo Cape Town inali ikumenyedwa ndi mkuntho wa mvula. Choncho ngakhale timati nyengo ya moto imayamba cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Epulo, kalendala si yodalira kwathunthu.

Pali muyeso wa tsiku ndi tsiku wotchedwa Fire Danger Index. Amaphatikiza kutentha, kuuma kwa mpweya, liwiro la mphepo ndi mvula imene yagwa posachedwa, n'kupereka nambala ndi mtundu. Buluu ndi 0 mpaka 20, palibe choopsa kwenikweni. Wobiriwira ndi 21 mpaka 45. Wachikasu ndi 46 mpaka 60, apa pafunika kusamala. Wa olenji ndi 61 mpaka 75, ndipo wofiira ndi 76 kupita m'mwamba, pamene moto ukayaka ngakhale ozimitsa amavutika kuugwira. Zizolowereni kuona mtundu wa tsikulo m'mawa, pamodzi ndi mauthenga a pa WhatsApp. Likakhala la olenji kapena lofiira, foni ikhale ndi moto wokwanira ndipo ana adziwe kumene muli.

Chachisanu: ntchito ya pabwalo, isanathe Novembala

Zitsamba za m'mapiri a kuno, zotchedwa fynbos, zinalengedwa kuti zizipsa. Pakapita zaka khumi kapena khumi ndi zisanu zimafuna moto kuti njere zake zimere, ndipo mitundu ina ya protea imatulutsa njere moto ukadutsa. Ndiye kuti phiri lidzapsa ndithu, lero kapena mawa. Ntchito yanu si kuletsa phiri, koma kuonetsetsa kuti motowo ukafika pampanda usapeze chakudya.

Yambani ndi denga. Nyumba zambiri sizipsa chifukwa malawi afika pakhoma. Zimapsa ndi makala ndi masamba oyaka amene mphepo imaulutsa patsogolo pa moto, mtunda wautali ndithu, n'kukatera m'ngalande za padenga zodzaza masamba ouma. Pa 18 Epulo 2021 moto unayambira m'mbali mwa phiri la Devil's Peak, pafupi ndi Rhodes Memorial, n'kudumphira pasukulu ya ukachenjede ya University of Cape Town. Chipinda chowerengeramo cha Jagger Library chinapsa pamodzi ndi mabuku ndi zolemba zambiri za mbiri ya Africa. Motowo unawolokanso msewu waukulu wa M3 n'kutentha Mostert's Mill, chigayo choyendera mphepo chomangidwa mu 1796. Ngati msewu wotakata chotero sunautchinge, mpanda wa abwana anu sungautchinge. Kwerani makwerero, kokolani masamba onse m'ngalandezo, ndipo mubwerezenso mwezi uliwonse chifukwa mphepo imabweretsa ena.

Mukatsika, yendani mozungulira nyumba ndi diso la munthu wofuna kuyatsa moto. Mulu wa nkhuni zootchera nyama wotsamira khoma, usunthireni kutali. Botolo la gasi, zitini za penti, petulo wa makina odulira udzu, mipando ya pulasitiki, chopondera cha pakhomo: zonsezi zimagwira moto msanga. Pansi pa khonde la matabwa pamabisala masamba. Nthambi zokhudza denga zidulidwe. Mitengo isadzeni nthambi za m'munsi, kuti moto wa paudzu usapeze makwerero opitira kumwamba.

Kenako udzu. Utchetcheni ukangoyamba kusanduka wachikasu, ndipo zotchetchazo muchotse, osazisiya pomwepo. Kumbali yoyang'ana tchire lambulani malo otakata, mamita khumi ngati malo alola. Lamulo la dziko lino la National Veld and Forest Fire Act la 1998 limalamula eni malo amene moto ungayambirepo kapena kudutsapo kuti azilambula m'malire mwawo, choncho ngati mukugwira ntchito pafamu kapena pamalo aakulu, imeneyi si nkhani yokomera abwana mtima ayi. Polambula valani nsapato zazitali. Njoka zimatuluka nthawi yomweyi, ndipo mphiri ya kuno, monga ya kwathu, sithawa ikamva mapazi.

Pali mitengo ina yobwera imene ndi adani enieni: paini, bulugama, Port Jackson ndi rooikrans. Imakula mothithikana, imamwa madzi ambiri, ndipo ikayaka imatentha kwambiri kuposa fynbos. Ofufuza za moto wa ku Knysna anapeza kuti minda ya paini ndi mitengo yobwera yofalikira m'tchire inawonjezera ukali wa motowo. Timitengo take tikamamera pampanda, tizuleni nthaka ikadali yofewa. Abwana akafunsa choti abzale m'malo mwake, atchulireni zomera za masamba onenepa osunga madzi, monga spekboom, aloe ndi sour fig. Sizifuna kuthirira kwambiri ndipo sizigwira moto msanga.

Pomaliza yesani payipi. Ifike mbali zonse za nyumba, ndipo isakhale yobooka.

Chachisanu ndi chimodzi: kunyumba kwanu

Apa ndiye pamene anthu athu ambiri amataya zonse, ndipo moto wake suchokera kuphiri. Pa 11 Malichi 2017 moto unapsereza nyumba zoposa 2,000 ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay. Pa 17 Disembala 2020 nyumba zoposa 1,000 zinapsa ku Masiphumelele, mphepo ikuwomba mwamphamvu, kutatsala sabata imodzi kuti Khirisimasi ifike. Taganizani munthu amene wagula kale zovala za ana ndi katundu woti atumize kumudzi. Mkhukhu wa malata, matabwa, makatoni ndi pulasitiki umatha pa mphindi zochepa, ndipo woyandikana nawo amakhala wagwira kale.

Kandulo musaimike pa mbale kapena pakamwa pa botolo. Iduleni pakati, muiike m'botolo lagalasi lotakata kukamwa limene mwathiramo mchenga wouma. Ikagwa imagwera m'kati momwemo, ndipo mphepo yolowera m'mipata ya malata siifikira. Magetsi akamathimathima, nyali yotchaja ndi yabwino kuposa kandulo aliyense, ndipo mtengo wake sufanana ndi wa pasipoti yatsopano. Magetsi akathima mukuphika, zimitsani sitovu ndi ayironi nthawi yomweyo, chifukwa akabwera mutagona kapena mutachoka, zimayamba zokha.

Sitovu ya palafini ikhale pansi pamalo osalala, kutali ndi katani ndi bedi. Musathire palafini ikuyaka kapena ikadali yotentha. Ndipo ndinene mosabisa: moto wambiri umayamba usiku wa Loweruka ndi kumapeto kwa mwezi, munthu atabwera ku mowa n'kutereka poto, tulo n'kumuba. Ngati mukudziwa kuti mumwa, phikiranitu. Ngati mnzanu wogona naye nyumba ali ndi khalidwe limeneli, kambiranani masana ali bwinobwino.

Mawaya a magetsi okoka kuchokera kwa aneba, olumikiza ndi pulasitiki, odutsa pansi pa kapeti kapena pamphepete pa lata, ndiwo ena. Gwirani pulagi ndi dzanja ketulo ikamawira. Ikatentha, kapena mukamva fungo la pulasitiki, pali vuto. Ketulo, sitovu ndi hita zisakhale pa adaputa imodzi.

Pakhomo pakhale ndowa ziwiri, ya madzi ndi ya mchenga. Moto wa palafini kapena wa mafuta ophikira suzimitsidwa ndi madzi, umangomwazika. Uthireni mchenga, kapena vundikirani poto ndi chivundikiro. Moto wa magetsi, thimitsani kaye pa meni switchi. Khonsolo imalangiza kusiya mamita atatu pakati pa nyumba ndi nyumba. Ndikudziwa kuti m'malo ambiri mawu amenewa ndi nthabwala, chifukwa ngakhale wilibala sidutsa. Komabe kanjira kamene kalipoko musakatseke ndi matabwa, matayala kapena kachipinda kowonjezera, chifukwa ndi komweko mudzathawire, ndi komwekonso payipi ya ozimitsa moto idzadutse. Dziwani pamene pali mpopi wawo wa pamsewu ndipo pasaimikidwe galimoto. Pali kachipangizo kotchedwa Lumkani, kopangidwa konkuno, kamene kamalira kakamva kutentha kukukwera mofulumira ndipo kamadzutsanso tina ta nyumba zoyandikana. Sikalira ndi utsi wa kuphika, n'chifukwa chake kamayenera m'nyumba ya chipinda chimodzi.

Chinthu chimodzi chokha ndikupemphani ndi mtima wonse. Musatsekere ana m'nyumba ndi loko wakunja, ngakhale mukungopita pa shopu. Usiku kiyi akhale pamalo amodzi odziwika kwa aliyense, oti dzanja lingampeze mumdima. Ngati mawindo ali ndi zitsulo, ganizirani lero lomwe kuti chitseko chikagwira moto mudzatulukira pati. Ena amasiya lata limodzi la kumbuyo lokhomedwa mopepuka kuti lithe kukankhidwa ndi phazi.

Chachisanu ndi chiwiri: kachikwama ndi manambala

Pasipoti, pemiti, makadi a kuchipatala, zikalata za kubadwa za ana, mankhwala amene mumamwa tsiku lililonse ndi tchaja, zonse zikhale m'kachikwama kamodzi pafupi ndi chitseko. Zijambuleninso pa foni n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wodalirika. Maofesi a boma la Malawi ali ku Pretoria ndi ku Johannesburg, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,400, ndipo kuyamba kufunafuna mapepala atsopano mulibe ngakhale chithunzi cha akale ndi mtanda wolemera. Ndalama za chipeleganyu kapena zosungira ulendo wa Disembala zisagone pansi pa matiresi.

Sungani manambala awa: 021 480 7700 pa foni ya m'manja ngati muli mu Cape Town, 107 pa foni ya m'nyumba, ndi 112 imene imagwira pa foni ya m'manja kulikonse m'dziko muno. Amene muli ku Hermanus, George kapena Knysna funsani nambala ya ozimitsa moto a dera lanu. Konzekeranitu mmene mudzafotokozere malo: dzina la dera, msewu wapafupi, ndi chizindikiro chooneka monga tchalitchi, sukulu kapena siteji ya matakisi. Woyankha foni amafuna kudziwa kumene kukuyaka. Mantha a mapepala asakuletseni kuimba, ndipo musaganize kuti wina waimba kale.

Tsiku limene moto wafika

Mukakhala kumkhukhu, kuwani kaye kuti "Moto!" ndi kumenya malata a aneba. Tulutsani ana ndi okalamba, tengani kachikwama, thawani. Utsi ukadzaza, kwawani, chifukwa mpweya wabwino umakhala pansi, ndipo utsi umagwetsa munthu malawi asanamufike. Musabwerere kukatenga TV kapena firiji. Katundu wounjikidwa m'tinjira ndi amene amatsekereza anthu ena. Thawirani cham'mbali mwa kumene mphepo ikulowera, osati kutsogolo kwake.

Mukakhala kuntchito ndipo utsi waoneka kuphiri, imbirani ozimitsa moto ndi abwana. Nthawi ikalola, tsekani mawindo ndi zitseko zonse, lowetsani mipando ya panja, tsekani gasi, dzazani ndowa, tsegulani geti la magetsi lisanafe ndi kuthima kwa magetsi. Valani zovala za thonje zophimba mikono ndi miyendo, osati za nayiloni zimene zimasungunukira pakhungu. Akalengeza kuti anthu asamuke, samukani. Nyumba ya abwana ili ndi inshuwalansi. Musakwere padenga ndi payipi kuti muoneke wokhulupirika, ndipo bwana wanzeru sangakupempheni zimenezo. Moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kusiyana ndi potsika, choncho musauthawire kumtunda. Misewu isiyireni magalimoto a ozimitsa moto, ndipo mukaona ndege za helikopita zikutunga madzi, musayandikire kukajambula.

Zovala zikagwira moto, musathamange. Gwani pansi, phimbani nkhope, gubuduzikani. Bala la moto lithireni madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi, ngakhale azakhali atalimbikira bwanji. Chotsani mphete ndi zibangili malo asanatupe, koma nsalu yomatirira pabala musaikoke. Phimbani ndi nsalu yoyera n'kupita kuchipatala. Ana opsa kwambiri amawasamalira ku Red Cross War Memorial Children's Hospital ku Rondebosch, akuluakulu ku Tygerberg.

Moto ukazima musathamangire kubwerera asananene ozimitsa. Zitsa ndi mizu zimanyeka pansi pa nthaka masiku angapo, ndipo South-Easter akadzukanso zimayambiranso. Malata amakhala otentha, misomali ili paliponse, mawaya ena akadali ndi magetsi. Ngati nyumba yanu yapsa, kalembetseni dzina kwa atsogoleri a dera ndi kwa a nthambi ya khonsolo yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi tsiku lomwelo, ndipo mapepala amene apsa mukawanene kupolisi kuti akupatseni chikalata cha umboni chimene mudzapite nacho kukapempha ena.